Kuchokera ku Tangier kupita ku Agadir: sitima kapena galimoto?

Wowerenga wina wandilembera kufunsa ngati angakwere sitima ya ku Morocco ya Al Boraq kuchokera ku Tangier mpaka ku Agadir, popeza anamva kuti ndiyo sitima yothamanga kwambiri mu Africa muno. Funsoli landikhudza, chifukwa ambiri amaitama sitimayi osadziwa pomwe njanji yake imathera.

Njanji yatsopanoyo inatsegulidwa mu Novembala 2018, ndipo ndi ya makilomita pafupifupi 200 okha, kuchokera ku Tangier kufika ku Kenitra. Pamenepo mpomwe sitima imathamanga makilomita 320 pa ola. Ikangodutsa Kenitra imalowa m'njanji yakale, liwiro n'kutsika kufika pa 160. Ngakhale magetsi a m'mawaya amasintha: kwatsopanoko ndi mavoti 25,000 a AC, kwakaleko 3,000 a DC, n'chifukwa chake kampani ya njanji ya ONCF inagula ku kampani ya ku France ya Alstom sitima zolandira magetsi onse awiri. Chikhalirecho ulendo wa ku Casablanca, umene unkatenga maola 4 ndi mphindi 45, pano ndi maola 2 ndi mphindi 10.

Ena amati ndalama zomangira njanjiyi zinangopita pa kudzionetsera. Ine ndikukana. Anthu atasamukira panjanji yatsopano, yakaleyo inapeza mpata wonyamula katundu wa doko la Tanger Med, lomwe linayamba ntchito mu 2007. Nayo fakitale ya Renault ya pafupi ndi Tangier imatumiza magalimoto ake kudokoko pa sitima. Chondiwawa n'china: kummwera kunatsalira. Njanji imathera pa Marrakech, kutsogolo kwake kuli mapiri a Atlas, ndipo ntchito yotalikitsa njanji yothamangayi, imene inakhazikitsidwa mu 2025 poyembekezera World Cup ya 2030, nayonso ikathera pa Marrakech pomwepo. Agadir akudalirabe msewu waukulu wolipiritsa umene unatha mu 2010.

Ndiye mutani?

Kwerani Al Boraq pa siteshoni ya Tanger Ville ku Tangier, mukatsike pa siteshoni ya Casa-Voyageurs ku Casablanca, musasokoneze ndi ya Casa-Port. Pamenepo mukasinthe sitima ya ku Marrakech, ulendo wa maola pafupifupi atatu. Mabasi a Supratours amanyamukira pafupi ndi siteshoni ya ku Marrakech, ndipo ku Agadir ndi maola atatu ndi theka. Tikiti gulirenitu, mtengo umakwera tsiku likayandikira. Mukabwereka galimoto, musalowe pachipata cholipirira msewu cholembedwa Jawaz mulibe kachipangizo kake kolipirira osaima. Khalani ndi ma dirham, ndalama za kumeneko, m'manja mulipire pawindo.