Kwa achemwali amene tsitsi lawo lasanduka la olenji

Achemwali, mwalemba kuti munathira bulichi pa tsitsi lanu lakuda pofuna kuti liwale ngati uchi, koma latuluka la olenji, kumizu kwake kuli chikasu, ndipo shampu yapepo imene mwachapira katatu sinasinthe kanthu. Shampuyo ilibe vuto, kungoti mwaipatsa ntchito imene si yake.

Tsitsi lakuda lili ndi utoto wachilengedwe wa mitundu iwiri, wakuda umene bulichi amauswa msanga, ndi wofiira wosakanikirana ndi chikasu umene umakakamira. N'chifukwa chake tsitsi likamayera limayamba lafiira, kenako limakhala la olenji, kenako lachikasu, ndipo lanulo munalitsuka lisanafike pamene munkafuna. Kumizu kwawala kuposa kwina chifukwa kutentha kwa khungu la m'mutu kumafulumizitsa mankhwala.

Mtundu wosafunika umazimitsidwa ndi mtundu wotsutsana nawo: pepo amazimitsa chikasu, buluu amazimitsa olenji, pamene wobiriwira umazimitsa kufiira. Okonza tsitsi amayeza kuwala kwake kuyambira pa 1, lomwe ndi lakuda bii, kufikira pa 10, lomwe ndi loyera kwambiri. Shampu yapepo imathandiza tsitsi la pa 9 ndi 10, pamene la olenji limakhala cha pa 6 kapena 7, ndiye ngakhale mutamaliza botolo lonse, kumizu kokha ndiko kungasintheko. Imene ingakuthandizeni ndi ya buluu, kamodzi kapena kawiri pa sabata, ngakhale kuti imangokuta tsitsi kunja ndipo imasuluka mukamachapa.

Ngati mukufuna zokhalitsa, gulani toner (utoto wozimitsa mtundu wosafunika) kapena dayi wolembedwa kuti ash, kutanthauza wotuwa ngati phulusa, wa nambala yofanana ndi tsitsi lanu kapena wakuderako pang'ono, ndipo muusakanize ndi developer (mankhwala othandiza utoto kulowa m'tsitsi) wa 10 volume, amene ali ndi hydrogen peroxide wokwana 3 peresenti. Wa 30 ndi wa 40 ali ndi 9 ndi 12 peresenti, ndipo pa tsitsi lotopa kale amangowonjezera kuthothoka. Yambani kupaka pamene pali olenji kwambiri, kumizu ndi kunsonga mumalizire, chifukwa nsonga zowonongeka zimayamwa utoto mofulumira. Ine ndinapakapo mutu wonse nthawi imodzi, ndipo nditatsuka ndinapeza nsonga zatuwa mobiriwira ngati ndere, pamene pakati panali pofiirabe.

Chimene ndikukuletsani kwambiri ndi kubwereza bulichi sabata ino, makamaka ngati tsitsilo linawongoledwa ndi relaxer, popeza mankhwala awiriwa onse amafooketsa tsitsi ndipo akatsatizana limaduka. Tengani katsitsi kamodzi konyowa ndi kukakoka pang'onopang'ono. Kakatamuka ngati chingamu osabwerera, kapena kakaduka nthawi yomweyo, siyani mankhwala onse kwa milungu ingapo ndipo muzingolidyetsa mafuta ndi conditioner.

Musanapake mutu wonse, yesani pa katsitsi kochepa ka kunkhongo, muwerenge mphindi, mukaumitse, kenako mukaone panja pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa babu la m'nyumba limanamiza maso. Pakaninso kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, pakuti dayi wambiri, makamaka wakuda, ali ndi mankhwala otchedwa PPD amene amatupitsa ena nkhope ndi m'mutu, ngakhale anthu amene akhala akudaya kwa zaka popanda vuto.

Simunatiuze ngati tsitsili munalidayapo kale lakuda kapena munapakapo hena. Ngati ndi choncho, dayi wowala sangayeretse dayi wakale, ndipo hena wina amakhala ndi mchere wa zitsulo umene umatentha tsitsi ukakumana ndi peroxide. Pamenepo pitani ku saluni, ndipo mukamuuze wokonzayo zonse zimene zinapakidwapo, kuphatikizapo za chaka chatha.