Azakhali, za ulendo wa msuweni wanga uja

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Mukuti msuweni wanga akufuna kubereka chikwama n'kuzungulira Tanzania, Kenya, Uganda ndi Rwanda miyezi itatu, ndiye mukufunsa kuti popeza ine ndabwerako, n'chiyani chimene munthu amachizindikira mochedwa. Ndiyankha pagulu pompano kuti mwini wakeyo amve yekha, musavutike kumufotokozeranso.

Tiyambe ndi chikwamacho. Chisapitirire malita 45, ndipo akalongedza achiike pasikelo, chikadutsa makilogalamu 10 achotsemo zina. Kunyumba chimamveka chopepuka, koma achiyese atachibereka masana ku Dar es Salaam akufunafuna pogona. Komanso chachikulu amachiponya m'buti kapena padenga, pomwe chaching'ono umakhala nacho pamiyendo, ukuchiona. Malaya anayi, mathalauzi awiri, juzi imodzi chifukwa Mbeya, Arusha ndi Nairobi kumazizira mu June ndi July, renikoti yopyapyala, nsapato zomwe wazizolowera kale, osati zatsopano, ndi patapata zosambira. Inuyo mumupatseko chitenje chimodzi. Asaseke ayi. Chimakhala chofunda m'basi, choyala pabedi losakhulupirika, tawulo, zonse. Jinzi yachiwiri asiye, siuma msanga. Loko kakang'ono, pawabanki, basi.

Mapepala. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, ndi masamba angapo opanda chidindo, poti malire ndi ambiri. Ndiye kakhadi kachikasu kaja ka katemera wa yellow fever. Kameneka asakachedwetse, kamayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayitsireni. Polowa ku Tanzania koyamba mwina sangamufunse, vuto ndi akadutsa Kenya ndi Uganda. Kenya ndi Uganda ali m'gulu la mayiko omwe matendawa amapezeka, ndiye munthu wochokera kumeneko amamufunsa kakhadiko. Ajambule pasipoti ndi kakhadiko pafoni, atumize pagulu pano, ndipo fotokope ikhale pena, osati pamodzi ndi pasipoti yeniyeniyo. Chinanso, wa imigireshoni akamudindira, asachoke pawindo asanawerenge masiku amene amulembera. Chimene chimagwira ntchito ndi chomwe chalembedwa pachidindopo, osati chomwe anamva kwa anzake.

Tsopano ndalama, apa ndiye mumvetsere bwino, chifukwa maulendo ambiri amathera apa. Kwacha yathu ukangodutsa Songwe n'kupitirira Kasumulu, tsidya la Tanzania la malirewo, ili ngati pepala chabe, wokusinthira amavuta kupeza. Khadi ya kubanki nayo ili ndi malire a ndalama zomwe ungagwiritse ntchito kunja, ndiye apite kubanki asananyamuke, afunse malirewo, awauzenso mayiko amene akupita kuti asamutsekere khadi poganiza kuti yabedwa. Asadalire khadi yokha. Anyamule madola, koma madola ake atsopano, osang'ambika, osalembedwa ndi bolopeni. Akalekale aja amawakana, ndipo a 50 ndi a 100 amawagula pamtengo wabwino kuposa ang'onoang'ono. Ndalamazo azigawe patatu: za tsiku limenelo m'thumba, zina m'kalamba kam'kati mwa zovala, zina pansi pa chikwama. Ndipo pa zonsezo apatule zobwererera kunyumba, zokwanira basi ndi pogona kuchokera kutali kwenikweni, tinene Kigali, mpaka Lilongwe. Zimenezo azione ngati kulibe. Anthu amakonzekera kupita, kubwera amaiwala, mapeto ake ndi inu azakhali kugulitsa mbuzi.

Pamalire asinthe zochepa, zongomufikitsa ku Mbeya. Anyamata osintha ndalama aja ali ndi liwiro la manja. Awerengetse pafoni yake, osati pakakyuleta yawo, alandire mashilingi, awerenge yekha, kenako ndiye apereke zake. Akawabwezera kuti awerengenso, ayambirenso kuwerenga, chifukwa mpomwe zina zimasowera. Akafika m'tauni agule simu khadi, amalembetsa ndi pasipoti. Ku Tanzania ndi Kenya aikepo M-Pesa, yosungira ndi kulipirira ndalama pafoni, ku Uganda ndi Rwanda ya MTN imayenda bwino. Ku Kenya makamaka, pafupifupi chilichonse amalipira pafoni.

Eya, nthawi. Ichi chimasiyitsa anthu mabasi. Tanzania, Kenya ndi Uganda ali patsogolo ndi ola limodzi, kwathu ikakhala 6 koloko kumeneko ndi 7. Rwanda ndiye tili nawo pamodzi. Koma chachikulu si chimenecho. Pa Chiswahili tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka, ndiye 7 koloko m'mawa iwo amati "saa moja", ola loyamba. Wogulitsa tikiti akati basi inyamuka "saa kumi na mbili", kutanthauza 12, akunena 6 koloko. Kusiyana kwake ndi maola 6. Amuuze alembe papepala, afunsenso kuti m'mawa kapena madzulo. Zochititsa manyazi palibe apa.

Njira yake ndi yodziwika: Mzuzu, Karonga, Songwe, Tukuyu, Mbeya. Kuchoka Mbeya kukafika Dar ndi makilomita opitirira 800, tsiku lathunthu pabasi, kudzera Iringa, Mikumi ndi Morogoro. Akhale kuwindo pa Mikumi, msewu umadutsa m'malo osungira nyama, ndiye amaziona ulele. Akafuna sitima, TAZARA imadutsa pa Mbeya pomwepo, njanji ija anamanga anthu a ku China m'zaka za m'ma 1970, makilomita 1,860 kuchoka Dar mpaka Kapiri Mposhi, koma siyenda tsiku lililonse ndiye afunsiretu tsiku lake. Mabasi ku Dar amaima ku siteshoni ya Magufuli ku Mbezi, kutali ndi pakati pa tauni, choncho pogona pa usiku woyamba apezeretu, asamakafunse oitanira usiku. Ku Zanzibar boti ndi maola awiri, tikiti agule mu ofesi, osati kwa munthu wamuimitsa panjira, ndipo pasipoti atenge, amaiona pofika. Kenako Arusha, Namanga, Nairobi, Busia, Jinja, Kampala, Katuna, Kigali. Kubwerera adzere Rusumo, Kahama, Singida, Dodoma, Iringa, n'kutulukiranso Mbeya.

Maganizo anga, malo ndi ochuluka amenewa. Wobwerako aliyense amadandaula chimodzimodzi, kuti anathamanga. Kusamuka kulikonse kumadya ndalama ya basi, ya kabaza, ya chakudya cha panjira, ndipo tsiku lotsatira umangogona. Pamalo pamodzi akhale masiku anayi kapena asanu, ndipo akatero mtengo wa chipinda umakambika. March mpaka May apewe, ndi nthawi ya mvula yaikulu kumeneko.

Rwanda ili ndi zake. Majumbo apulasitiki analetsa mu 2008, pamalire amasecha n'kulanda. Kenya inaletsa mu 2017, Tanzania mu 2019, ndiye zovala alongedze m'timatumba tansalu. Galimoto ku Rwanda zimayenda kumanja, podutsa msewu ayang'ane mbali zonse. Masoketi awo ambiri ndi a mano ozungulira, tchaja yathu ya mano atatu siilowa, afunika adaputa. Ndipo Loweruka lomaliza la mwezi kuli Umuganda, ntchito yachitukuko ya aliyense, m'mawa wonse masitolo otseka, mabasi osayenda. Asaike ulendo m'mawa umenewo.

Tsopano kubwera, komwe palibe amene amakuuza. Asanawoloke malire aliwonse amalize ndalama zachitsulo, palibe amazisintha, ndipo zotsala pafoni azitape, chifukwa simu ikafa zapita. Mphatso agule kumapeto, osati kuzibereka miyezi itatu. Akamagula kanga, zitenje za kumeneko zija, za inu ndi amayi, afunse tanthauzo la mawu olembedwa m'munsi aja, zina ndi zonyoza mkazi mnzako, mungadzavale kutchalitchi osadziwa. Mpunga wa ku Kyela asavutike nawo, Kilombero ali pa Karonga pomwepa.

Akafika pakhomo, chikwama chisalowe kuchipinda. Ndikunena nsikidzi, azakhali. Munthu wagona mabedi makumi angapo, zimabisala m'misoko ya chikwama, zikalowa m'matiresi mwanu ndi nkhondo ya chaka. Akhutulire panja, zovala m'madzi otentha kwambiri, osati ofunda, kenako kusita. Chikwamacho achimange m'pulasitiki wakuda, achisiye padzuwa lamphamvu masiku angapo, kenako atsuke misoko ndi burashi.

Thupi likatentha m'masabata oyambawo, kuchipatala tsiku lomwelo, ayezetse malungo, ndipo awauze adokotala mayiko onse amene wadutsa. Kugombe la Dar ndi Mombasa kumakhala dengue, imafanana ndi malungo koma mankhwala a malungo saichiza. Asanayezetse amwe panado yekha, asipulini ndi brufeni ayi, zimatha kuyambitsa kutaya magazi ngati ili dengue. Ngati anasamba mu Lake Victoria kapena mu Nile ku Jinja, ndi nkhani ya likodzo, ngati kunyanja kwathu kuno. Kungoti asathamangire kumwa mankhwala tsiku lofika, praziquantel, mankhwala a likodzo aja, sapha tizilombo tikadali tating'ono. Adikire miyezi iwiri chisambireni, ndiye akayezetse. Kutsegula m'mimba kukapitirira sabata, nakonso akayezetse chimbudzi, asamangogula mapilisi pagolosale.

Zithunzi azikopere pakompyuta sabata yoyamba yomweyo, foni isanagwe m'madzi. Kubanki awauze kuti wabwera, aonenso sitetimenti ngati palibe anamudula kawiri. Ndipo musadabwe akamakhala duu masabata awiri atatu, osafuna kucheza. Munthu wazolowera kudzuka tsiku lililonse ndi kopita, ndiye pakhomo pamamuvuta kukhazikika. N'chifukwa chake ndi bwino anyamuke atadziwa chomwe adzachite akabwera, kaya ndi ntchito, kaya sukulu, komanso atakusungitsani ndalama ya mwezi umodzi, chifukwa amafika m'thumba muli mbee.

Foni ikutha moto iyi. Mumuuze abwere Loweruka ndi chikwamacho atalongedza kale, sikelo ndili nayo, tidzachotse limodzi zosafunika. Mupereke moni kwa atsibweni.