Ndikaone chiyani ku Dublin pa tsiku la Patrick Woyera?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, ndipo wandiitana kuti ndikamuone mu Marichi. Ndikakhalako masiku 5, kuphatikizapo pa 17, tsiku la Patrick Woyera. Masana iye azikakhala ku ntchito. Ndikaone chiyani, poti miyendo yanga siilinso ngati kale? Ndine mayi wowerenga tsamba lanu.

YANKHO: Amayi, mawu anga aakulu ndi awa: pa 17 Marichi musakonze zoyendera malo. Tsikulo mulisiyire perete basi, wokumbukira Patrick, woyera wamkulu wa dziko la Ireland. Ine ulendo wanga woyamba ndinkafuna kuonera perete kenako n'kukalowa ku yunivesite ya Trinity College, koma ndinangoima kuseri kwa mpanda wazitsulo maola awiri, kolowera kukuoneka tsidya la msewu, powolokera palibe. Misewu yapakati pa mzinda amaitseka, ndipo mabasi ndi sitima zamumsewu za Luas siziyenda mwa masiku onse.

Perete amayambira ku Parnell Square cha m'ma 12 koloko masana, n'kutsika ndi O'Connell Street, kuwoloka mtsinje wa Liffey, kulowera mbali ya St Patrick's Cathedral. Ofuna malo akutsogolo amafika 10 koloko isanakwane. Inu ndi miyendoyo musadzizunze. Pamakhala mipando yolipira m'mbali mwa msewu. Uzani mwana wanu agule tikiti pa intaneti nthawi ikadalipo. Kuzizira kwake musakuderere, chifukwa mu Marichi masana sikupitirira kwenikweni madigiri 10, ndipo mphepo ya pamtsinje imalowa mpaka m'mafupa. Valani jekete losalowa madzi. Ambulera amangotsekereza anzanu.

Mukaona anthu atabaya pachifuwa timasamba tobiriwira tooneka ngati udzu, nthawi zina titafota kale. Ndi shamrock ameneyo. Amati Patrick ankaphunzitsira Utatu Woyera masamba ake atatuwo. Mbiri ya munthuyu imandigwira mtima kuposa ng'oma ndi malipenga onse: achifwamba anamugwira ku Britain ali ndi zaka 16, anaweta ziweto ku Ireland ngati kapolo zaka 6, anathawa, koma anabwereranso kwa anthu omwewo kudzalalikira. Madzulo a tsikulo ku Temple Bar, dera lodzaza ndi malo omwera mowa, musapiteko. Kumadzaza achinyamata oledzera, popondera pamasowa.

Masiku enawo ndiwo oyenda, ndipo malo amodzi kapena awiri patsiku akwana. Yambani ndi Trinity College, imene inakhazikitsidwa mu 1592, mukaone Book of Kells, Mauthenga Abwino anayi amene amonke analemba pamanja m'Chilatini pa zikopa za ana a ng'ombe cha m'ma 800. Amangotsegula masamba awiri m'kabokosi kagalasi, m'chipinda cha mdima pang'ono. Weramani bwinobwino, mukaona timizere topotana tosaposa tsitsi kukula kwake. Tikiti ya kumeneko nayonso ndi yoguliratu, sabata imeneyo alendo amachuluka.

Chapafupi, pa Kildare Street, pali National Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo kulowa ndi kwaulere. Mukafunse belu la Patrick. Ndi kabelu kachitsulo kosaoneka bwino, koma chosungira chake, chimene anachipanga cha m'ma 1100, n'chokongoletsedwa ndi golide ndi siliva. Ine kabeluko ndinakayang'ana nthawi yaitali kuposa golideyo.

St Patrick's Cathedral mbiri yake imayambira mu 1191, pafupi ndi chitsime chimene amati Patrick ankabatizirapo. Dziwani kuti ndi ya mpingo wa Anglican wa Church of Ireland. Ngati ndinu Mkatolika ndipo mukufuna Misa, pitani ku St Mary's pa Marlborough Street.

Tsiku limene mwana wanu wapuma, kwerani sitima ya DART yopita ku Howth, doko la asodzi, ulendo wa mphindi pafupifupi 30. Padoko ndi posalala, simukavutika kuyenda, ndipo mukakhala ndi mwayi mukaona akatumbu a m'nyanja akusuzumira pakati pa mabwato a asodzi. Polipira basi, Luas ndi DART, akugulireni khadi lotchedwa Leap Card. Ndalama za kumeneko ndi euro.

Koma zonsezi zisanafike, yambani ndi za viza. Ireland sili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, choncho viza ya Schengen siingakulowetseni ku Dublin. Funsani msanga zimene pasipoti yanu ikufunika, tikiti ya ndege musanagule.