Giyabokosi ya petulo pa Hilux ya dizilo: samalani ndi kagiya ka sipidomita

Achimwene, ngati mukufuna kugula giyabokosi yakale yoti muike pa Hilux yanu ya dizilo, musapereke ndalama chifukwa chongomva wogulitsa akunena kuti giyabokosi ya Hilux ya petulo imalowa pa injini yanu ya 3L (ya dizilo ya 2.8) ndiponso kuti sipidomita idzagwira bwinobwino. Mawu amenewo ndi omwe anandiwonongera galimoto, ndipo mpaka lero ndikawamva mtima umandiwawa.

Yanga ndi Hilux ya 2.8 dizilo yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Giyabokosi yake itatha, makaniko wina anandipezera yakale yochoka pa galimoto ya petulo, n'kuchotsa bellhousing yake (chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini) n'kumangapo ya dizilo, popeza mabawuti a injini za dizilo za 2L, 3L ndi 5L sagwirizana ndi a injini ya petulo ya 22R. Pamenepo sanalakwitse. Vuto linali kumbuyo, pomwe kebulo ya sipidomita imalowera. Pa shafti yotulukira kumbuyo kwa giyabokosi pali giya ya mano opotana imene imazungulitsa kagiya kakang'ono ka pulasitiki, ndipo kagiyako ndi kamene kamazungulitsa kebulo. Ziwirizi amazipanga kuti ziziyendera limodzi. Makanikoyo anazula kagiya ka m'giyabokosi yanga yakufa n'kukakakamiza kulowa mu inayo, mano ake asakugwirizana, ndipo pokhomerapo anang'amba kamphira kotseka oilo, n'kusiyanso kabawuti kogwira chitsulo chake kosalimbitsa. Zonsezi sanandiuze.

Tsiku limene zinaonekera ndinali nditasenza katundu wolemera, usiku, pamsewu wautali wopanda poima. Muvi wa sipidomita unayamba kunjenjemera pakati pa 60 ndi 80, kenako unkagwa pa ziro n'kudzukanso, mpaka unagweratu. Ndinapitirira, popeza galimoto imayenda ngakhale sipidomita itafa. Patsogolo pang'ono giya yachisanu inayamba kulira mokweza, ndodo ya giya inatentha moti kutenthako ndinkakumva m'dzanja, ndipo pachitunda giya inatuluka yokha injini n'kubangula. Fungo la oilo wopserera linadzaza m'galimoto. Nditaima n'kukwawira pansi ndi tochi, ndinapeza kebulo ikulendewera pamodzi ndi chitsulo chogwira kagiya kaja, bowo lili pululu, pansi ponse pa galimoto mpaka ku difu pali noninoni ndi oilo wosakanikirana ndi fumbi. Kagiyako mano ake anali ataphwatalala mbali imodzi ngati chitsononkho chokokotedwa. Nditamasula bawuti yothirira oilo n'kupisamo chala, chalacho chinatuluka chouma. Ndinagona pomwepo kudikira wodzandikoka, katundu wa eni ake ali pamwamba, foni ikungolira.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si kuwonongeka kwa maberingi ayi, koma yankho la makaniko uja. Anati sipidomita ndi chokongoletsera chabe, ndipo kuti galimoto zakale zonse zimadontha oilo. Munthu wolandira malipiro a ntchito, wodziwa kuti giya yachisanu ndi imene imayamba kupsa oilo akachepa, n'kumayankhula chonchi kwa mwini galimoto amene amadyera momwemo. Wogulitsa giyabokosiyo nayenso anakana kuti sanalonjezepo chilichonse. Amakaniko otere amawononga mbiri ya anzawo amene amayeza zinthu asanamange, ndipo ndikanakonda anthu akanamawadzudzula poyera.

Ngakhale kagiyako kalowe bwino osaphwanyika, liwiro limene muvi ukuonetsa likhoza kukhala labodza. Masipidomita ambiri a galimoto za ku Japan amalembedwa kuti kebulo ikazungulira maulendo 637 pa mphindi, muvi uloze makilomita 60 pa ola, ndipo kuchuluka kwa mano a kagiya amakusankha molingana ndi difu komanso kukula kwa matayala kuti chiwerengerochi chikwane. Ma Hilux anatuluka ndi madifu osiyanasiyana, monga 4.10, 4.30, 4.56 ndi 4.88, manambala osonyeza maulendo amene propshaft (shafti yochoka ku giyabokosi kupita ku difu) imazungulira kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukatenga giyabokosi ya galimoto ya difu ya 4.56 n'kuiika pa galimoto ya difu ya 4.10 osasintha kalikonse, muvi udzaloza pafupifupi 72 pamene inu mukuthamanga 80, ndipo makilomita owerengedwa adzachepanso chimodzimodzi, zomwe zimachititsa kuti muzichedwa kusintha oilo wa injini osadziwa. Matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo amawonjezera bodza lomwelo. Kagiya ka mano ochuluka kamatsitsa muvi, ka mano ochepa kamaukweza, koma kagiya kalikonse kayenera kukhala kogwirizana ndi giya ya mkati ija, imene simungaisinthe popanda kutsegula kumbuyo kwa giyabokosi.

Choncho yambani mwawerenga kachitsulo ka m'chipinda cha injini, pamzere wolembedwa TRANS/AXLE, kuti mudziwe giyabokosi ndi difu zimene galimoto yanu inabwera nazo, kaya ndi G52, G54, W56 kapena ina. Kenako goneketsani magiyabokosi awiriwo pansi moyandikana. Yezani kutalika kwa shafti yolowa m'kilatchi kuchokera pamlomo wa bellhousing, chifukwa ikatalika imakankha kirankishafti ndipo ikafupika siifika pa kaberingi ka kumbuyo kwa injini. Lowetsani mbale ya kilatchi pa shaftiyo ndi dzanja muone ngati ikutsetsereka, muchitenso chimodzimodzi ndi propshaft kumbuyo. Onani mbali imene foloko ya kilatchi ndi sitata zili, malo a mpando wa giyabokosi, ndi pomwe ndodo ya giya idzatulukire m'galimoto. Ngati yanu ili ya 4x4, kebulo imalowa pa transfer case (bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), ndiye nkhani ya kagiya ili kumeneko, koma muwerenge mano a shafti yolumikiza ziwirizi, popeza giyabokosi ya W56 ili ndi 21 pamene ya R151F ili ndi 23. Giyabokosi za galimoto zatsopanoko zimabwera ndi sensa ya magetsi m'malo mwa kebulo, ndipo zimenezo ndi ntchito inanso.

Malangizo anga ndi akuti mufune giyabokosi ya nambala yofanana ndi yanu, yochoka pa dizilo, ngakhale mudikire. Komabe ngati ya petuloyo ili yabwino m'kati ndipo miyezo ija yagwirizana, itengeni, chifukwa inenso ndikuyenderabe yomweyo imene inapsa ija, makaniko wina ataisintha maberingi, ndipo imakoka bwino. Mungoumirira kuti akupatseni pamodzi ndi kagiya kake ka sipidomita ndi chitsulo chake, muikepo kamphira katsopano, muime pomwepo pamene akulimbitsa kabawuti kaja. Mukatero yerekezani muvi ndi liwiro la GPS ya pafoni pamsewu wowongoka, ndipo masiku oyambirira muziyang'ana pansi pa giyabokosi m'mawa uliwonse. Mukaona muvi wayamba kunjenjemera, imani mukwawire pansi musanapitirize ulendo.