Kusefa zochitika za kernel ya Linux ndi chizindikiro cha &

Funso: Ndimayang'anira seva ya Linux, ndipo pali pulogalamu ina imene ikumafufuta zonse za m'mafayilo ena n'kuwasiya opanda kanthu. Ndinayatsa ftrace, chida cha Linux cholondola zochitika za mu kernel, pa sys_enter_openat, chochitika cha pamene pulogalamu ikutsegula fayilo, kuti ndiigwire, koma mizere ikutuluka yochuluka moti sindingathe kuiwerenga. Nditaika sefa ya flags == 512, yomwe ndi nambala ya O_TRUNC (lamulo loti fayilo ifufutidwe za m'kati poitsegula), sipanatuluke mzere ndi umodzi womwe. Kodi ndalakwitsa pati?

Yankho: Nambala mwaipeza bwino, bambo, koma funso limene mwaifunsa kernel, yomwe ndi phata la Linux, ndi lolakwika. Gawo la flags silisunga chinthu chimodzi. Liganizireni ngati mzere wa maswichi pakhoma, pomwe swichi iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo nambala imene mumaona ndi yophatikiza maswichi onse amene ayatsidwa. Pa makina a x86 ndi ARM, O_WRONLY (kutsegula kuti mulembemo) ndi 1, O_CREAT (kupanga fayilo ngati palibe) ndi 64, O_TRUNC ndi 512. Munthu akalemba chizindikiro cha > mu bash, pulogalamu yolembamo malamulo, kuti atumize mawu mu fayilo, fayiloyo imatsegulidwa maswichi atatu onsewa ali oyaka, ndiye flags imakhala 577, kapena 0x241 m'kalembedwe ka manambala ka hexadecimal, momwe 512 ndi 0x200 ndipo 64 ndi 0x40. Mapulogalamu ambiri amawonjezeranso O_CLOEXEC, yomwe ndi 0x80000, ndipo nambalayo imasinthanso. Sefa yanu ya == 512 imafuna kuti swichi ya O_TRUNC ikhale yoyaka yokha, ena onse ali ozima, zomwe sizichitikachitika chifukwa wofufuta fayilo amakhala akufunanso kulembamo.

Chimene mukufuna kudziwa n'chakuti kaya swichi imodziyo yayaka, posatengera mmene ena alili, ndipo ntchito imeneyi ndi ya chizindikiro cha & chimodzi, chimene Steven Rostedt, mlembi wa ftrace, anachiwonjezera mu masefa a zochitika mu 2013. Lowani mu /sys/kernel/tracing/events/syscalls/sys_enter_openat ngati root (mwini mphamvu zonse pa makinawo), ndipo mulembe motere:

echo 'flags & 0x200' > filter
echo 1 > enable

Mukatero werengani /sys/kernel/tracing/trace_pipe, ndipo mzere uliwonse udzayamba ndi dzina la pulogalamu ndi PID yake, nambala yoizindikirira pamene ikuyenda. Musaiwale zizindikiro ziwiri za ' zotsekera mawu a sefawo, chifukwa popanda izo bash imatenga & ngati lamulo lake loti ntchito iziyendera kumbuyo, ndipo sefa siifika n'komwe ku kernel. Dziwaninso kuti sefa simva mayina ngati O_TRUNC, imamva manambala okha, choncho onani manambala a makina anu mu fcntl.h chifukwa pa MIPS ndi SPARC ena mwa iwo ndi osiyana.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa umakola ngakhale anthu odziwa C, chiyankhulo cholembera mapulogalamu. Mu sefa imeneyi & si masamu oti zotsatira zake muziyerekezenso ndi nambala ina. Imangoyankha kuti inde ngati pali swichi ngakhale imodzi yoyaka mbali zonse ziwiri, mu flags ndi mu nambala imene mwalemba. Choncho flags & 0x240 imagwira mafayilo otsegulidwa ndi O_CREAT yokha, otsegulidwa ndi O_TRUNC yokha, komanso otsegulidwa ndi zonse ziwiri. Mukafuna zonse ziwiri pamodzi, simungalembe (flags & 0x240) == 0x240 monga mungachitire mu C, kernel idzakana. Mulembe flags & 0x40 && flags & 0x200, pomwe && ndi yolumikiza mafunso awiri. Chimodzimodzinso O_RDONLY, yomwe nambala yake ndi 0: flags & 0 siingagwire kanthu mpaka kalekale, ndiye pakuti maswichi olembera ndi 1 ndi 2 (pamodzi 3), wofuna mafayilo otsegulidwa kuti awerengedwe chabe alembe !(flags & 3).

Sefa ikakanidwa, lembani cat filter, ndipo mudzaona mawu anu, kachizindikiro ka ^ koloza pomwe kernel yakhumudwira, ndi uthenga wa parse_error. Mayina olondola a magawo ali mu fayilo ya format ya chochitikacho. Kuti muchotse sefa, lembani echo 0 > filter.

Ine ndimakonda kusefera mu kernel momwemo kusiyana ndi kulemba zonse n'kumazisaka ndi grep, pulogalamu yosakira mawu, pakuti chochitika chokanidwa ndi sefa sichidya malo mu buffer, momwe mizere imasungidwa isanawerengedwe, pamene mukalola zonse buffer imadzaza, mizere yakale n'kufufutika, ndipo mzere umene mumaufunawo ukhoza kupita nawo. Ngati mwadikira kwa nthawi yaitali osaona kanthu koma mafayilo akufufutikabe, yatsaninso sys_enter_truncate ndi sys_enter_ftruncate, chifukwa pulogalamu ikhoza kudula fayilo kudzera m'njira zimenezi popanda kugwiritsa ntchito O_TRUNC.