Njanji yopapatiza si imene imachedwetsa sitima

Mayi wina amene amapita ku Kenya pa za bizinesi wandilembera kalata. Akuti anakwera sitima yatsopano yochoka ku Mombasa kupita ku Nairobi, ija inatsegulidwa mu 2017, ndipo anauzidwa kuti imathamanga chifukwa njanji yake ndi yotakata. Ndiye akufunsa: "Achimwene, bwanji ife ku Malawi osazula njanji yathu yopapatizayi n'kuyala yotakata?"

Mayi, zoti njanjizi n'zosiyana, anakuuzani zoona. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ya ku Mombasa ndi mamilimita 1,435, muyezo umene George Stephenson anaufalitsa ku England ndipo lero ndi umene wafala kwambiri padziko. Yathu ndi mamilimita 1,067. Kum'mwera kwa Africa kuno muyezo umenewu unayambira ku Cape, ku South Africa, kumene boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1870 linaona kuti njanji yopapatiza imakhota mosavuta m'mapiri ndipo siidya ndalama zambiri. Kuchokera kumeneko unafika ku Zimbabwe, Zambia, Mozambique mpaka kwathu kuno.

Koma zoti liwiro limachokera pa kutakata, pamenepo ndikukana. Ku Japan njanji zambiri za tsiku ndi tsiku ndi za muyezo wathu womwewu, ndipo sitima zake zimadziwika ndi kusunga nthawi. Ku South Africa, njanji ya makilomita 861 yochoka ku Sishen kupita ku Saldanha imanyamula miyala ya chitsulo pa sitima imodzi yokoka mabogi oposa 300, pa mamilimita 1,067 omwewo. Sitima imachedwa chifukwa cha zitsulo zakutha, milatho yofooka, makona ochuluka, ndiponso kudikirana pamene njanji ndi imodzi yokha. Ya ku Kenya imathamanga chifukwa ndi yatsopano komanso yowongoka. Kutakata kumathandizadi pa liwiro lalikulu zedi, n'chifukwa chake Shinkansen, sitima yothamanga kwambiri ya ku Japan imene inayamba mu 1964, anaiyalira njanji yakeyake ya 1,435.

Chimene chimandiopsa ine n'kusiyana ndi anansi. Sitima singadumphe kuchoka pa muyezo wina kupita pa wina. Ku Australia, anthu oyenda pakati pa Sydney ndi Melbourne ankatsika pa Albury n'kukwera sitima ina mpaka 1962, m'dziko limodzi lomwelo! Pa Erenhot, m'malire a China ndi Mongolia, amachita kutukula bogi lililonse m'mwamba n'kusintha mawilo ake, chifukwa Mongolia amatsatira muyezo wa Russia wa 1,520. Ntchitoyi imatenga maola. Ku Tanzania nako zilipo: TAZARA, njanji yopita ku Zambia, ndi ya 1,067, njanji yakale imene anayala Ajeremani ndi ya 1,000, yatsopano ndi ya 1,435. Dziko limodzi, miyezo itatu.

Tsono taganizirani za ife amene tilibe nyanja yamchere. Njanji yathu imatifikitsa kudoko la Nacala kudzera pa Nayuchi, ndipo sitima za malasha zochoka ku Moatize ku Mozambique zimadutsa m'dziko muno osasintha kanthu. Titayala yotakata tokha, feteleza yense ndi mafuta onse zikanafunika kutsitsidwa pamalire n'kupakiridwanso m'mabogi ena, ndipo mtengo wa ntchitoyo ukanagwera inu ndi ine kumsika. Ndalama zimenezo bola zikonze milatho ndi zitsulo za njanji imene tili nayo kale.