Pakati pa Roma ndi Carthage, wotukuka kwambiri anali ndani?

Achimwene, funso lanu lakuti pakati pa Roma ndi Carthage ndi mzinda uti unali wotukuka kwambiri, ndiponso ndi uti unasiyira dziko lapansi zinthu zaphindu, ndaliganizira kwa masiku angapo, ndipo mundilole ndiyankhe motalikirako. Mlandu umenewu timauweruza titangomva mbali imodzi. Pafupifupi zonse zimene timawerenga za Carthage zinalembedwa ndi Aroma monga Livy, kapena ndi Agiriki monga Polybius, amene anali bwenzi la Scipio Aemilianus, mkulu wa asilikali yemwe anagumula mzindawo m'chaka cha 146 Yesu asanabadwe. Mabuku amene Aroma anawapeza mumzindamo anawagawira mafumu a mu Africa oyandikana nawo, ndipo palibe ngakhale limodzi limene latifika m'chinenero cha eni ake.

Ngakhale zili choncho, adani awo omwewo anasiya umboni wokwanira wosonyeza kuti anthu a ku Carthage anali patsogolo pa zinthu zingapo. Mzindawo unamangidwa ndi amalonda ochokera ku Tyre, kumene Baibulo limakutcha Turo, ndipo olemba akale amati unayamba m'chaka cha 814 Yesu asanabadwe, pafupi ndi pamene pali Tunis lero. Zombo zawo zinkatenga siliva ku Spain, ndipo Hanno anayenda nazo kutsika gombe la kumadzulo kwa Africa pa nthawi imene Roma unali mzinda wa alimi wopanda zombo zankhondo zoti n'kutchulapo. Doko lawo la nkhondo linali lozungulira, lokhala ndi chilumba pakati, ndipo Appian amati linali ndi malo osungira zombo 220. Aristotle, amene sankayamikira wamba anthu osakhala Agiriki, anatama boma lawo, limene linali ndi akuluakulu awiri osankhidwa, bwalo la akulu ndi msonkhano wa nzika. Pa ulimi ndiye anali akatswiri zedi, moti mzinda utagwa, nyumba ya malamulo ya ku Roma inalamula kuti mabuku 28 a Mago onena za kasamalidwe ka mpesa, mitengo ya azitona ndi ziweto amasuliridwe m'Chilatini. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa munthu sawononga nthawi kumasulira nzeru za mdani amene akumuyesa mbuli.

Nanga Aroma anapambana bwanji? Ambiri amayankha kuti anali olimba mtima kuposa anzawowo, koma nkhondo yachiwiri mwa zitatu zimene Roma ndi Carthage anamenyana, ya pakati pa 218 ndi 201 Yesu asanabadwe, imatsutsa zimenezo. Hannibal, mkulu wa asilikali a Carthage, anawoloka mapiri a Alps ndi asilikali ake ndi njovu, anagonjetsa Aroma pa mtsinje wa Trebia, kenaka pa nyanja ya Trasimene, ndipo mu 216 anawazinga ku Cannae, kumene Livy amati Aroma ndi ogwirizana nawo oposa 48,000 anafa tsiku limodzi. Dziko lina lililonse la nthawi imeneyo likanapempha mtendere. Roma sanapemphe, chifukwa anali ndi kumene akanatengako asilikali ena. Kwa zaka zambiri m'mbuyomo, Aroma akagonjetsa mzinda wa mu Italy, kawirikawiri sankaulipiritsa msonkho wa chaka ndi chaka. Ankafuna anyamata oti akamenye nkhondo, ankagawana nawo zolanda, ndipo mizinda ina ankaipatsa unzika, wathunthu kapena wochepa. Polybius analemba kuti mu 225 Roma ndi ogwirizana naye anali ndi amuna oposa 700,000 oyenda pansi ndi 70,000 apakavalo amene akanatha kuitanidwa ku nkhondo. Hannibal ankayembekezera kuti mizinda imeneyi idzapandukira Roma, ndipo Capua ndi ina ya kumwera inapandukadi, koma ya pakati pa dzikolo inakhalabe mbali ya Roma, kotero kuti anakhala mu Italy zaka pafupifupi 15 akupambana nkhondo koma osatha kuimaliza.

Carthage anachita mosiyana ndi zimenezo. Unzika ankauumira, anthu a ku Libya amene ankawalamulira ankawakhometsa msonkho wolemera, mpaka theka la zokolola pa nthawi ya nkhondo yoyamba, ndipo ambiri mwa asilikali ake anali aganyu ochokera ku Spain, Gaul ndi Numidia. Nkhondo yoyambayo itatha mu 241, aganyuwo anaukira chifukwa cha malipiro, alimi a ku Libya anagwirizana nawo, ndipo Roma anapezerapo mwayi wolanda chilumba cha Sardinia mopanda chilungamo chilichonse. Pa nkhondo ya ku Zama mu 202, apakavalo a Masinissa wa ku Numidia, mwana wa mu Africa momwemo, ndi amene anathandiza kwambiri Scipio wina, wotchedwa Africanus, kugonjetsa Hannibal. Pamenepa ndi pamene ndimaona kupambana kwenikweni kwa Roma: ankadziwa kusandutsa ogonjetsedwa kukhala anthu ake, ndipo khalidwe limeneli linapitirira mpaka m'chaka cha 212 Yesu atabadwa, pamene mfumu Caracalla inapereka unzika kwa pafupifupi mfulu zonse za mu ufumuwo.

Pa nkhani ya nkhanza, mbali zonse ziwiri zili ndi mlandu. Ku Carthage kunafukulidwa malo otchedwa tophet okhala ndi mitsuko yambirimbiri ya mafupa a makanda otenthedwa, ndipo akatswiri ambiri amavomereza kuti ana ankaperekedwa nsembe kwa Baal Hammon ndi Tanit, ngakhale ena amati anali manda a ana omwalira ndi matenda. Koma zimene Roma anachita pomaliza zimandipweteka mtima nthawi zonse ndikaziwerenga. Nkhondo yachiwiri itatha, Carthage anali atalandidwa zombo, ankalipira mokhulupirika chindapusa cha matalente 10,000 a siliva chimene anapatsidwa zaka 50 kuti amalize, ndipo sankaloledwa kumenya nkhondo popanda chilolezo cha Roma. Komabe Cato, mmodzi mwa akuluakulu a ku Roma, ankangobwereza m'nyumba ya malamulo kuti mzindawo uyenera kuwonongedwa. Mu 149 Yesu asanabadwe anthu a ku Carthage anapereka ana a akuluakulu awo 300 ngati chikole, anapereka zida zawo zonse, kenaka n'kuuzidwa kuti asamuke akamange kutali ndi nyanja. Anakana, anazingidwa zaka zitatu, ndipo otsala pafupifupi 50,000 anagulitsidwa ukapolo. Nkhani yakuti Aroma anathira mchere m'nthaka musaikhulupirire, chifukwa olemba akale sanaitchule.

Pa zimene aliyense anasiya, Roma ali patsogolo kwambiri, ndipo sindingabise. Chilatini chinabala Chifalansa, Chipwitikizi, Chisipanishi ndi Chitaliyana. Malamulo a Aroma ndi amodzi mwa maziko a malamulo a ku South Africa ndi Zimbabwe kudzera mwa Adatchi. Miyezi ya Julayi ndi Ogasiti ili ndi mayina a Julius Caesar ndi Augustus. Zilembo zimene ndikulembera yankho lino ndi za Chilatini, ngakhale gwero lake ndi zilembo 22 za makolo a anthu a ku Carthage, zimene Agiriki anazitenga n'kuzisintha zisanafike ku Italy. Tizikumbukira kuti Roma anakhala ndi zaka mazana ambiri zomangira zonsezi atachotsa kale mnzake amene ankapikisana naye. Ndipo Carthage sanatheretu: Aroma anaumanganso mzindawo, olemba achikhristu Tertullian ndi Cyprian analembera kumeneko, Septimius Severus wa ku Leptis Magna, amene anakhala mfumu ya Roma mu 193 Yesu atabadwa, ankalankhula Punic, chinenero cha anthu a ku Carthage, ndipo patatha zaka zoposa 500 mzinda utawotchedwa, Augustine wa ku Hippo ankafunafunabe ansembe odziwa chinenerocho kuti alimi a m'midzi ya dera lake amve uthenga.